Ulendo wa ku Wellington: kuchokera ku Vuvu kukafika ku Rhodes kudzera pa Lehana

Ku Vuvu, madzulo

Ndafika pano chisisira chitagwa kale. Ndikulemba ndili m'kalasi ya pasukulu ya Vuvu, m'mene okwera njinga timadyera, nsapato ndaziimika pakhoma kuti zikhe madzi, chifukwa m'chigwa muja tawoloka mtsinje kangapo konse.

Ambiri mwandifunsa kuti ndi mpikisano wanji umene munthu amangoyenda osafika. Ndifotokoze kamodzi pano. Dzina lake ndi Freedom Challenge, mpikisano wa njinga wodutsa m'mapiri ndi m'midzi ya ku South Africa. Unayamba mu 2004, ndipo amene anauyambitsa ndi David Waddilove. Timanyamukira pa holo ya mzinda wa Pietermaritzburg 6 koloko m'mawa, magulumagulu pa masiku osiyana, n'kukathera pa munda wa mphesa wa Diemersfontein ku Wellington, kufupi ndi Cape Town. Mtunda wake umapitirira makilomita 2,000, ndipo nthawi imene amatipatsa ndi masiku 26. Umachitika mu Juni, pamene kuno kukuzizira kotheratu. Panjira palibe zikwangwani, palibe galimoto yokutsatira, ndipo GPS ndi yoletsedwa. Zimene uli nazo ndi mapu, kampasi, ndi mapepala ofotokoza kuti ukafika pa mpanda wakutiwakuti ukhotere mbali iti. Kachipangizo kamene tamangirira pachikwama kamaonetsa inu ndi okonza mpikisano pamene tili, koma ifeyo sikatiuza kanthu. Womaliza salandira ndalama. Amamufunditsa bulangete la Abasotho.

Pamalo aliwonse ogona timapezapo kabokosi ka pulasitiki ka ayisikilimu, ka malita 2, kamene tinalongedza tokha tisananyamuke. Ka kuno ndinaikamo mtedza wokazinga wothira mchere, chokoleti, mabatire a tochi, mafuta a tcheni, masokosi ouma ndi mapu a mawa.

Za lero sindichulutsa. Tachokera ku Malekgolonyane, tadutsa pa Black Fountain ndi pa mishoni ya Tinana, kenako chigwa cha Vuvu chimene chatidyera masana onse. Njinga ili bwino. Tcheni ndachitsuka, magiya akulowa, mapadi a buleki yakumbuyo atsala pang'ono koma akhoza kufika ku Rhodes, kamudzi kamene tikagone mawa. Thupi: bondo lamanzere likumveka ndikamatsika, ndipo pokhalira payamba kusupuka. Zonsezo n'zopiririka.

Mawa ndi makilomita 50 ndi pang'ono chabe, limodzi mwa masiku aafupi pamapu. Koma pakati pake pali chikweza cha Lehana, pamene njinga imakwera munthu pafupifupi mamita 1,000 kulowera pamwamba pa mapiri a Drakensberg. Amene anadutsapo akuti mphepo ikadzuka, tsiku lalifupilo limasanduka lalitali kuposa onse. Ndipo akuti mawa idzuka.

Tikatha kudya abwera eni mudzi kudzatitenga awiriawiri kukagona m'nyumba zawo. Dongosolo limeneli ndimalikonda kwambiri: ndalama ya malo ogona imatsala m'mudzi momwemo, ndipo wokwera njinga amalowa ngati mlendo wa pakhomo, osati munthu wongodutsa ndi fumbi.

Ku Vuvu, 4 koloko m'mamawa

Madzi amene ndinasiya m'botolo panja auma gwa. Nyenyezi zili mbee, mitambo palibe, koma malata a nyumba akulira ndi mphepo kuyambira pakati pa usiku. Mayi a pakhomo pano anadzuka ife tisanadzuke, atiwiritsira madzi, ndipo akana kuti tinyamuke osamwa tiyi. Tikuyenda awiri: ine ndi achikulire ena a ku Bloemfontein, a zaka za m'ma 50, amene akuchita mpikisano waufupi wothera ku Rhodes. Kwa iwo lero ndi lomaliza. Tagwirizana kuti tikafike patsinde pa phiri kukungoyera, chifukwa nyengo ino dzuwa limatuluka cha m'ma 7 koloko n'kulowa 5 koloko itangopitirira, ndiye maola a kuwala ndi 10 okha.

Ku Rhodes, usiku

Tafika. Tinanyamuka kuli mdima ndipo talowa m'Rhodes kulinso mdima. Ndasamba madzi otentha, ndadya, zala zayamba kumva, ndiye ndilembe zonse ndisanaiwale, chifukwa ena mwa inu munadandaula mutaona kadontho koonetsa pamene ndili kataima malo amodzi paphiri nthawi yaitali.

Chigawo choyamba chinali msewu wa miyala wodutsa m'midzi, tikuyenda ndi matochi a pachipumi. Agalu ankauwa, utsi unali utayamba kutuluka m'nyumba zina. Palibe chovuta kupatula kuzizira kwa zala. Titafika posiyira msewu kunali kutayera moti tinkatha kuona mzera wa phiri, ndipo tinaima kuyala mapu pansi, mwala uku mwala uku kuti asauluke.

Apa ndi pamene mpikisano uno umasiyanirana ndi ina yonse. Pa Lehana palibe njira imodzi yooneka. Pali tinjira ta nkhosa tambirimbiri, tina topita kumadzi, tina kumakhola, tina tongothera m'miyala. Kanjira kooneka bwino si ndiko koyenera. Chofunika n'kugwira msana wa phiri ndi kusautaya, chifukwa ukangotsetserekera m'khwawa pothawa mphepo, umakapezeka pansi pa thanthwe loti sungakwere ndi njinga. Mizere ya pamapu ikathinana ndiye kuti pamenepo n'pophedi, ikatalikirana n'poyendeka. Tinatenga kampasi, tinasankha nsonga imodzi yoti tiziyang'ana, n'kuyamba.

Poyamba njinga imakankhika. Umagwira mahandulo, kukankha, kufinya mabuleki kuti isabwerere, kuponda mapazi awiri, kukankhanso. Pakapita nthawi udzu umasanduka zitsotso zazikulu ndi miyala, ndipo tayala lakutsogolo limangogunda n'kuima. Pamenepo umaisenza. Ine ndimagwira mwendo wa foloko ndi dzanja limodzi, lina pa chitsulo cha pedulo, n'kuitukula kudutsa pamutu kuti felemu igone pachikwama kumbuyo kwa khosi. Ikakhala bwino, kulemera kumatsikira m'chiuno kudzera m'malamba a chikwama, osati m'mikono. Njinga ndi chikwama pamodzi zimayandikira makilogalamu 20. Ndinakulira ku Mulanje, ndipo ndili mwana ndinkaona anthu akutsika ndi matabwa pamutu m'njira za ku Likhubula, opanda nsapato. Sankathamanga, sankaimaima, ankangoponda mapazi aafupi ofanana. Lero ndayesetsa kuyenda monga ankayendera iwowo.

Mphepo inatipeza titangotulukira pamsana. Inkachokera kumadzulo, kutsika kuchokera pamwamba, ndipo sinali yowomba mosalekeza ayi, inkabwera mwa mabefu. Kumakhala zii, uyenda mapazi khumi, kenako umaimva ikubwera m'udzu, ndipo ikafika imagwira matayala onse awiri n'kukupotoza thupi lonse. Munthu wosenza njinga alibe dzanja logwirira pansi. Ndinaphunzira msanga kumvetsera: ndikaimva ndinkagwada bondo limodzi, kutembenuza njinga kuti iloze kumene ikuchokera, kudikira ipite. Kangapo ndinaitula n'kuigoneka pansi, ine n'kukhala pambali pake. Achikulire anagwetsedwa kamodzi, mwamwayi paudzu.

Chimene anthu ambiri sachidziwa pa mapiri ngati awa n'choti kuzizira koopsa kumayamba ndi thukuta. Ukamakwera ndi katundu umatentha, malaya am'kati amanyowa. Ukaima, mphepo imaumitsa thukutalo n'kuchotsa kutentha m'thupi mwachangu kwambiri. Kuwonjezera apo, mamita 1,000 aliwonse amene wakwera, kutentha kwa mpweya kumatsika ndi madigiri 6 kapena kuposerapo pang'ono. Tinanyamuka madzi ataundana kale pansi, ndiye werengani nokha za pamwamba. Mpweya nawo umapepuka: pa mamita 2,700 mpweya umene umakoka pa kupuma kumodzi umachepa ndi gawo limodzi mwa magawo anayi poyerekeza ndi wa kunyanja ku Durban. N'chifukwa chake mtima umagunda ngati ukuthamanga pamene ukungokwawa. Ine ndinkatsegula zipi ya jekete ndikamayenda, n'kuitseka ndisanaime, osati nditaima kale. Ndipo ndinkadya kanthu ola lililonse, njala ilipo kapena ayi.

Cha m'ma 11 koloko ndinaona kuti achikulire asiya kuyankhula. M'mawa monse ankandiuza za adzukulu awo, za famu imene anakulira, koma tsopano ndikawafunsa ankangogwedeza mutu. Kenako anayamba kupunthwa pamalo osapunthwitsa. Nditawafunsa kuti anadya liti komaliza, anaganiza nthawi yaitali, ndipo mawu awo ankatuluka molemera ngati lilime lakula. Golovesi imodzi anali ataivula, akuyenda nayo m'manja osadziwa. Zizindikiro zimenezi n'zodziwika: thupi likazizira kwambiri, nzeru ndi zimene zimayamba kufooka, ndipo mwini wake sazindikira. Amakuuza kuti ali bwino.

Patsogolo pathu panali khola la miyala la abusa, lopanda ziweto. Ndinawalanda njinga, ndinawakhazika kuseri kwa khoma, pachikwama osati pansi pozizira. Ndinawavula malaya onyowa, kuwaveka ouma a m'chikwama chawo, jekete pamwamba, kenako kuwakulunga ndi kabulangete kopyapyala konyezimira kamene aliyense wa ife amayenda nako. Tiyi amene mayi a ku Vuvu anatithirira m'fulasiki anali akadali wofunda ndi shuga wambiri. Anamwa pang'onopang'ono, anadya chokoleti ndi mtedza. Ine ndinakhala mbali ya mphepo, mapewa athu atagundana. Apa ndi pamene kadontho kanaima.

Ndinaganiza zambiri pakholapo. Kachipangizo kathu kali ndi batani loitanira thandizo, ndipo ndinatsimikiza mumtima kuti ngati kunjenjemera kwawo kusiya iwo asanatenthedwe, kapena akayamba kuwodzera, ndilidina osawafunsa. Mpikisano umabweranso chaka chamawa. Kubwerera pansi kunalinso kotheka, koma tinali titapitirira theka, ndipo kutsika ndi njinga m'mphepo yotero n'koopsa kuposa kukwera. Ndinadikira. Patapita nthawi anayamba kunjenjemera mwamphamvu, mano kugundana, kenako anandifunsa kuti golovesi yawo ili kuti. Nditamva funso limenelo mtima unakhala pansi.

Tili pomwepo anatulukira mnyamata wobusa nkhosa, atafunda bulangete, kumutu chipewa chophimba nkhope yonse, kuphazi majombo, agalu awiri pambuyo. Anatipatsa moni, anayang'ana achikulire, anayang'ana njinga, osadabwa. Chisotho changa n'chochepa, koma ndinaloza pamwamba n'kutchula kontena ya chitsulo imene ili kumtundako. Anatilozera ndi ndodo: osati molunjika kumene ife tinkayang'ana, koma kudutsa m'munsi mwa thanthwe kumanzere, kumene phiri lenilenilo limatchinga mphepo. Ndinayerekeza ndi mapu ndipo zinagwirizana. Ife timadutsa pano kamodzi n'kumakamba chaka chonse. Iye amakhala m'mapiri amenewa ndi ziweto, m'kanyumba ka miyala, m'nyengo yomweyi. Njira imene tikuitcha ya mpikisano ndi ya anthu amenewa kuyambira kale, ndipo dzina lomwe la Lehana ndi la mfumu ya mtundu wa Batlokoa ya m'dera lino.

Chigawo chomaliza tinachikwera mwa maulendo awiri. Ndinkasenza njinga yanga mtunda pang'ono, kuigoneka, kubwerera kukatenga ya achikulire, iwo akuyenda ndi chikwama chokha. Malamulo amaletsa thandizo lochokera kunja, koma okwera okhaokha timathandizana. M'mithunzi ya miyala munali chipale chofewa chimene chinagwa masiku apitawa, chouma pamwamba, ndipo phazi linkalowa mpaka m'kakolo. Kontena ija, imene ili pafupi ndi pamwamba ndipo aliyense wodutsa pano amaisakasaka ndi maso, tinaifika dzuwa litapendeka. Sitinakhalitse. Tinangobisala kuseri kwake kuti tidye n'kumanga bwino zingwe za nsapato.

Pamwamba dziko limatambasuka, udzu wofiirira mpaka kumene maso alekezera, mapiri a Lesotho kumanja. Chakumadzulo, m'mzera womwewu, kuli nsonga ya Ben Macdhui, ya mamita 3,001, yochepa ndi mita imodzi yokha kwa Sapitwa. Ndinakwera njinga koyamba patapita maola ambiri, ndipo miyendo inachita ngati yaiwala ntchito yake. Mphepo inali kumaso, moti ngakhale pamalo osalala ndinkapalasa ndi giya yopepukitsitsa. Tinaima pa malo ogona alendo a Tenahead kumwa zotentha ndi kufunditsa manja. Achikulire anali atabwerera mwakale, akuyankhula, akufunsa nthawi.

Kuchokera apo tinalowa mumsewu wa Naudé's Nek, umodzi mwa misewu yokwera kwambiri mu South Africa, pamwamba pa mamita 2,500. Amene anayamba kuutsegula ndi abale awiri a banja la Naudé m'zaka za m'ma 1890, ndi mapiki ndi mafosholo. Munthu ukamatsika m'makona ake opindikapindika, umaona kukula kwa ntchito imene anagwira.

Wina angaganize kuti kutsika ndiye kupuma. Kwa munthu wotopa ndi wozizidwa, kutsika ndi kumene kumapweteka. Miyendo siigwira ntchito ndiye thupi silipanga kutentha, pamene liwiro limawonjezera mphepo. Zala zimene zikufunika kufinya mabuleki ndi zomwezo zimene zikufa dzanzi. Tinavala chilichonse chimene chinali m'zikwama, ine mpaka mapepala a pulasitiki m'kati mwa magolovesi ndi m'nsapato. Tinagwirizana kuti tiziima pakapita makona angapo, kuika manja m'khwapa mpaka ayambe kuwawa, chifukwa kuwawako ndiye chizindikiro choti magazi abwerera.

Dzuwa likulowa, mwala wakuthwa unang'amba tayala langa lakumbuyo m'mbali. Matayala anga ndi opanda chubu, ali ndi madzi omata m'kati amene amatseka timabowo ta minga, koma pong'ambika pamenepa panali patali ngati chikhadabo, ndipo madziwo anangopopera panja. Ndinayesa kutsekapo ndi timizere ta raba tolowetsa ndi singano, awiri pamodzi, koma nditapopa panatsegukanso. Panatsala njira yakale: kuchotsa tayala, kupukuta, kuyala kachidutswa ka tayala lakale m'kati pong'ambikapo, kuika chubu. Kushopu kumene ndimagwira ntchito zimenezi n'za mphindi zochepa. Lero zinanditengera nthawi yaitali, chifukwa zala sizinkamva kanati ka vavu, ndipo raba ikazizira imalimba, safuna kulowa mu limu. Achikulire anandiunikira ndi tochi, atandiimira mbali ya mphepo. Musanaike chubu m'tayala limene layenda m'tchire, yendetsani chala m'kati monse. Ndinapezamo minga iwiri imene madzi omata anali ataibisa, ndipo ikanaboola chubu pomwepo.

Makilomita otsalawo tinayenda mumdima, m'mbali mwa mtsinje wa Bell. Msewu umenewu sutsika kokhakokha. Uli ndi timitunda timene masana sungatiwerengere, koma usiku, ndi miyendo yotha, kalikonse kamakhala nkhani. Buleki yakumbuyo inayamba kulira chitsulo pa chitsulo, ndiye ndinkadalira yakutsogolo, mosamala. Magetsi a Rhodes anaonekera mwadzidzidzi, ochepa, chifukwa ndi kamudzi kakang'ono ka nyumba zakale, kotchuka ndi usodzi wa nsomba za trout ndi chisanu.

Achikulire alandira chikwapu cha abusa, chimene amapatsa omaliza mpikisano wa ku Rhodes. Akazi awo anali akudikira pakhomo. Atandigwira dzanja sanathe kuyankhula, ndipo inenso mawu anandithawa.

Ku Rhodes, m'mawa

Ndagona tulo tofa nato. Ndasankha kunyamuka mochedwerapo kuti ndikonze njinga kukuwala, chifukwa kutsogoloku mafamu ndi otalikirana ndipo shopu kulibe.

Zimene ndachita: mapadi a buleki yakumbuyo ndasintha, anali atatheratu mpaka chitsulo, koma disiki sinawonongeke. Tayala ndalisoka pong'ambika paja ndi ulusi wolimba, ndamata chigamba m'kati, ndathira madzi omata atsopano amene anali m'kabokosi ka kuno, ndipo lagwira mpweya. Chubu ndachibwezera m'chikwama. Sipoko imodzi inali itakhwefuka, mwina pamene mphepo inagwetsa njinga pamiyala, ndaimanga ndipo limu yawongoka. Tcheni ndathira mafuta.

Thupi: mapewa ali ndi mikwingwirima iwiri pamene panagona felemu. Khosi silikutembenuka bwino. Nsonga za zala ziwiri za kumanja zikadali zadzanzi koma khungu lake ndi labwino, silinasinthe mtundu. Bondo, chodabwitsa, lili bwino kuposa dzana.

Ndasinthanso kalongedzedwe. Malaya ouma, kabulangete konyezimira ndi chakudya cha shuga tsopano zili m'thumba la pamwamba, loti nditha kulitsegula nditavala magolovesi. Achikulire andisiyira fulasiki yawo, yaikulu kuposa yanga, ndi magolovesi awo akunja osalowa mphepo. Ndalandira.

Pa nthawi ndili m'kati mwa dongosolo, ngakhale maola amene ndinkafuna kusunga dzulo apita. Lero ndikulowera ku famu ya Chesneywold, ndipo ndikafika dzuwa likadalipo ndipitirira mpaka ku Slaapkranz. Pali okwera awiri amene anafika usiku kwambiri, nawonso akupita ku Wellington, ndipo tagwirizana kunyamuka limodzi 9 koloko. Netiweki kutsogoloku ndi yosowa, choncho mukaona kuti sindinalembe masiku angapo, yang'anani kadontho kaja.